Mwendo wa Amayi Anga Si Wamalonda

Amuna anga sanadyepo mbale imodzi ndi amayi anga, ndipo pa zaka zonse zimene takhala pabanja sindikumbukira tsiku limene anawayang'ana kumaso. Kwathu kuno, m'midzi ya kuseri kwa Nsipe, mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Akakumana m'kanjira ka kudimba, wina amapatukira m'tchire, moni n'kumapatsana atafulatirana ngati anthu odana. Achinyamata ambiri anazisiya zimenezi, koma anga aja, kalipentala wa mawu ochepa, amazigwira zolimba. Tsiku lina anagwera m'ngalande pothawa amayi, nafika pakhomo ali matope okhaokha koma akumwetulira, ati ulemu wakwana. Ndinawaseka mpaka misozi, ndipo nkhaniyo ndinaifalitsa ndekha pamudzi ponse.

Amayi anga amadwala shuga. Akhala zaka zambiri akugulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu pa Nsipe, ndipo palibe kondakitala wa minibasi amene sadziwa pakamwa pawo. Wina akawaponderako tomato potsitsa katundu, amamutsuka ndi mawu mpaka okwera onse kuomba m'manja. Chaka china anadzigunda pa chiputu kumunda, pa msongolo wa mwendo wakumanzere n'kutuluka kachilonda. Kachilondako kanakana kupola, kanakula n'kukhala chilonda. Kuchipatala ankawatsuka ndi kuwamanga bandeji, koma chilonda cha shuga sichimva changu cha munthu. Amayi anangotsitsa chitenje mpaka m'mapazi. Anzawo a pamsika akafunsa za kutsimphina, ankati ndi nyamakazi ya ukalamba. Kupatula achipatala, chilondacho tinkachidziwa anthu awiri basi, eni ake ndi ine wochitsuka.

Cholakwa choyamba n'changa, ndipo ndichinene ndekha wina asanandinenere. Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale, ndili ndi foni yamakono, ndipo pa tsamba lina la mchezo ndinali m'gulu la amayi. Linali gulu lotseka, lolowa pokhapokha wina akakuvomera. Mmenemo tinkafunsana za zidzolo za ana, za keke yokana kufufuma, za amuna obwera mochedwa. Ambiri sitinkadziwana nkhope koma tinkangoti asisi, asisi, ngati obadwa bere limodzi. Loweruka lina masana, ndikutsuka chilonda chija pakhonde, ndinaona kuti m'mbali mwake mwayamba kuda. Mantha anandigwira.

"Amayi, takwezani chitenje pang'ono ndijambule," ndinatero. "Ndikawaonetse adokotala Lolemba."

Anakweza mpaka pamwamba pa bondo, maso ali kumbali. Foni inatenga zonse: chilonda, bondo, nkhope yawo, ndi chitseko chathu chobiriwira kumbuyoko.

Lolemba adokotala ndinakawaonetsadi. Koma Loweruka lomwelo ndinali nditaponya kale chithunzicho m'gulu muja, eni ake osawapempha. Ndipo poti ndinaleredwa bwino, sindikanalemba za amayi anga ngati ndikulemba za mbuzi yodwala. Kwathu munthu wamkulu umamutchula ndi mfunda wake, ngakhale wakupatsa madzi akumwa umamuthokoza ndi mfunda. Ndiye ndinalemba mfunda wawo, mudzi wathu, ndi zoti amagulitsa tomato pa Nsipe, n'kupempha nzeru ndi mapemphero. Mayankho anabwera ambirimbiri. Ena anati uchi, ena anati phulusa, ena anangoika timanja topemphera. Mtima unakhalako pansi, ndipo patapita masiku ndinaiwala kuti ndinaponyapo kanthu.

Panapita miyezi ingapo. Tsiku lina masana amuna anga anakhala pansi pa mango akuwerenga za mpira pa foni yawo. Ndinangomva foni phi! pansi. Anaimirira, kulowa m'nyumba, kutuluka, kukatunga madzi n'kusamba m'maso. Foniyo anaisiya pomwepo ataivundikira.

"Kwagwanji, abambo?"

"Palibe, amayi."

Masiku awiri anatha osaigwira foniyo, kudya n'kongotola. Ine maganizo anapita kumene amapita maganizo a mkazi aliyense: ndinati basi, pali kamkazi penapake, kawatumizira zosayenera. Ndinanola mawu, ndinakonza ndi zokanena kwa ankhoswe. Tsiku lachitatu ndinangoona alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, akutulukira kuchokera ku Mlangeni, atachita kuitanidwa. Munthu kuitanitsa mlongo wake ulendo wa pa minibasi kuti adzauze nkhani mkazi amene amagona naye nyumba imodzi! Alamuwo anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Alamu, achimwene aona zoti sayenera kuona," anatero monong'ona. "Pakamwa pawo sipangathe kutchula. Taonani nokha."

Chinali chithunzi changa chija. Pambali pake anaikapo china, cha mwendo wosalala wa munthu wina, wonenepa, woyererapo kuposa wa amayi. Pamwamba panali botolo la mankhwala azitsamba. Mawu ake ankati mayi wa mfunda wakutiwakuti, wa m'mudzi wakutiwakuti, wogulitsa tomato pa Nsipe, anavutika zaka zambiri, achipatala anamulephera, koma atamwa mabotolo atatu anachira. Anawaikiranso mawu m'kamwa othokoza mwini mankhwalawo, mawu ofatsa oti amayi anga sangawayankhule ngakhale kutulo. Pansi pake panali kachilembo kosonyeza kuti uthengawo ndi wolipiridwa, kutanthauza kuti eni tsambalo analandira ndalama kuti aukankhire m'mafoni a anthu a dera lathu lino. N'chifukwa chake unakawapeza amuna anga pakati pa nkhani za mpira. Munthu amene anagwera m'ngalande kuthawa nkhope ya apongozi ake, foni yake yomwe inamuonetsa bondo lawo.

Ndinakhala pansi pomwepo, paphulusa. Manyazi ndiwo anayamba, koma sanakhalitse. Mkwiyo unawapitirira, ndipo mpaka lero sunazime.

Ndinayambira m'gulu muja. Ndinalemba mawu oti mphunzitsi sayenera kulemba. Mayi woyang'anira gululo anati pepani asisi, koma wakubayo tingamudziwe bwanji, anthu alimo ochuluka, ena ndi amuna ovala mayina achikazi. Nditapitiriza kufunsa, anandichotsa m'gulumo ati ndikusokoneza mtendere. Mu ukali wangawo sindinaganize zoyamba ndafufuta chithunzicho. Chinatsala m'katimo, ine ndili kunja.

Kenako ndinaimba nambala imene inali pa botolo paja. Anayankha mwamuna wa mawu ofewa ngati akutsogolera pemphero.

"Mukufuna mabotolo angati, mayi?"

"Ndikufuna mwendo wa amayi anga," ndinatero. "Anakupatsani ndani chithunzi chimenecho?"

Anaseka pang'ono. "Mayi, chinthu chikafika pa intaneti ndi cha aliyense. Kodi tinabwera kwanu kudzajambula ife? Munachiika nokha kapena ayi?"

Ndinamuuza zimene ndinamuuza, ndipo sindikulapa. Atadula, nambala yanga anaitsekera kunja.

Anatsala eni tsamba. Pali malo amene munthu amadina akafuna kudandaula, ndipo ndinadina ndi chikhulupiriro cha munthu wopita kubwalo. Mafunso onse anali m'Chingerezi, mayankho ake osankhiratu. Kodi chithunzichi n'cholaula? Kodi n'chachiwawa? Kodi chikunyoza mtundu wa anthu? Ndinafunafuna poti awa ndi amayi anga ndipo sanalole, koma panalibe. Ndinasankha choyandikirako. Patapita masiku yankho linabwera, laulemu zedi. Ati taona dandaulo lanu, zikomo potithandiza, koma uthengawu sukuphwanya malamulo athu; ngati sukukusangalatsani, mukhoza kuubisa kuti inu musamauone. Kuti ine ndisamauone! Ngati kuti vuto linali maso anga.

Sindinagonje. Nthawi yopuma kusukulu, anzanga akumwa tiyi, ine ndinali pa foni. Ndinapeza fomu ina yokhudza zinsinsi za munthu. Imeneyo inati wodandaula akhale mwini nkhopeyo, ndipo atumize chiphaso chake ndi chithunzi china choonetsa nkhope bwinobwino. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Kuti ndiombole chithunzi chimodzi, ndiwapatsenso ziwiri, china cha chiphaso! Ndipo kudandaula konseku kunkadya bandulo yogula ndekha. Wamankhwala anali kudya, eni tsamba anali kudya, ine mwana wa mwini mwendo ndiye ndinali kulipira.

Mphunzitsi mnzanga wina, wodziwa za makompyuta, anandiuza mondimvera chisoni kuti zonsezi ndinavomera ndekha tsiku lotsegula akaunti, pamene ndinadina pansi pa chimkalata chachitali chija. N'zoona, ndinadina osawerenga, ndipo ndikufuna ndimuone amene anawerenga. Koma amayi anga anadina pati? Kafoni kawo n'kamabatani, kamene amamangirira pa mfundo ya chitenje limodzi ndi ndalama za tomato. Tsambalo sakulidziwa n'komwe, koma ilo linali kuwayendetsa m'matumba a anthu kuyambira Mlangeni mpaka kuchigwa. Mnzangayo anangoti malamulo ake ndi choncho, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Nthawi yonseyi amayi ndinali nditawabisira. Ndinkati ndichichotsa kaye, ndidzawauza zitatha. Koma msika sunandidikire. Tsiku lina mayi wina wochokera ku Sharpevale anatsika minibasi pa Nsipe, foni ili m'manja, akufunsa mfunda wathu. Anthu anamulozera. Anafika pa benchi la amayi n'kugwada. Mwamuna wake anali ndi chilonda chonga chomwecho. Anali atasiya kupita kuchipatala, ali pa botolo lachiwiri, koma chilonda chinali kungonyeka.

"Amayi, inu munkamwa bwanji kuti muchire?" anafunsa. "Kapena ife tikuphonya penapake?"

Anawaonetsa foniyo. Amayi a tomato ndi a kabichi anaunjikana kuti aone nawo. Amene analipo amati amayi anayang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako anadzuka osayankha kanthu, n'kuuyamba wa kunyumba, tomato kumusiya pabenchi.

Ndinawapeza atakhala pakhonde pomwe paja ndinawajambulira. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

"Adokotala ako aja alipo angati?" anafunsa.

Ndisanatsegule pakamwa, anafunsanso.

"Akamwini aona?"

"Aona, amayi."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko chobiriwira chija.

Milungu itatu inatha osatuluka. Kumsika ayi, kutchalitchi ayi. Choopsa kwambiri, anakana ndi kuchipatala komwe, ati anthu a pamzere azikawayang'ana m'miyendo. Ine ndinkatsuka chilondacho m'nyumba, mwamdima, ndikuona ndi maso anga kuti chikubwerera m'mbuyo. Ndinaopa kuti mwendowo upita, ndipo ukapita ndiye kuti ndaudula ndine. Ndinagwada kupepesa kangapo konse. Iwo ankangoti, "Dzuka, mawondo akowo sachotsa chithunzi." Munthu wapakamwa uja anasanduka wolankhulira pansi, ndipo nyumba yathu inazizira ngati muli maliro.

Amene anawatulutsa ndi mayi wa ku Sharpevale yemwe uja. Anabweranso, ulendo uno mpaka pakhomo, chifukwa mudzi unali wolembedwa ndipo chitseko anachizindikira. Sanabwere ndi ndewu. Anakhala pamkeka, napereka moni, n'kunena kuti mwamuna wake anamutengera kuchipatala mochedwa, ndipo phazi adula. Ati anabwera kuti adzangofunsa, mtima wake ukhale pansi, ngati mankhwalawo anagwiradi ntchito pa munthu wina aliyense.

Amayi anatuluka okha m'nyumba. Anakhala pansi moyang'anana naye, nakweza chitenje, namasula bandeji.

"Mwana wanga, ona. Botolo limenelo sindinaligwirepo n'kamodzi komwe."

Mayiyo anayang'ana, n'kuyamba kulira mopanda mawu. Amayi anamugwira dzanja mpaka anatonthola. Mayiyo atapita, amayi anatembenukira kwa ine.

"Tsiku lija anandifunsa, ine n'kuthawa," anatero. "Ndikanangotsegula pakamwapa, mwina phazi lija likanakhalapo."

"Si inu, amayi. Ndi akuba aja. Ndi ine."

"Iwe zako uzisenza wekha. Ine ndikunena zanga." Kenako anakweza mawu, moti aliyense pabwalo amve, koma nkhope italoza kwa ine. "Uwauze akamwini andikhomere kampando kosanjikapo mwendo. Kasakhale kogwedera."

Amuna anga anali kuseri kwa nkhokwe akupala thabwa, ndipo anamva zonse. Mpalo unaima.

"Muwauze apongozi," anatero kwa ine, "kuti mawa dzuwa likamafika pamutu kakhala katatha."

Loweruka lotsatira amayi anavala chitenje chawo chatsopano ndi duku la pa Sabata. Tinafika pa Nsipe msika utadzaza. Amuna anga anali atatsogola ndi kampando kaja pamutu, nakaika patsogolo pa benchi. Amayi anaunjika tomato wawo milumilu monga mwa masiku onse, anakhala pansi, nasanjika mwendo pakampando, n'kukweza chitenje mpaka pabondo. Kenako mawu aja amene tinawasowa milungu itatu anabwerera onse.

"Amene munamuona pa foni uja ndine! Mwendo wake ndi uwu! Sindinamwe, sindinachire! Wokayika abwere adzaone!"

Anthu anathamangira. Makondakitala anasiya kuitanira, okwera anasuzumira m'mawindo. Wina akati mwina chinapola, amayi ankamasula mbali imodzi ya bandeji, munthuyo n'kubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa, ine n'kumanganso. Aliyense wowaona ankamuuza mawu omwewo: wachilonda apite kuchipatala, botolo lija ndi bodza. Bambo wina anati iye anagulira mayi ake mabotolo awiri. Amayi anamufunsa ngati mwendo wachiwiri wa pachithunzi uja, wonenepa ndi woyera uja, ukufanana ndi wawo. Msika wonse unafa ndi phwete, bamboyo naye anaseka, koma maso ake anali ofiira.

Pagulu lotere mafoni sachedwa kutuluka, ndipo apa ndi pamene ulemu wa amuna anga unagwira ntchito. Iwo sakanatha kuyang'ana kumene kunali apongozi awo. Mbali imodzi yokha ndiyo inali yololedwa kwa iwo, ya kugulu la anthu. Ndiye anaima patsogolo pa amayi atawafulatira, miyendo tang'a, manja a ukalipentala aja ali m'chiuno. Aliyense wokweza foni ankakumana ndi chifuwa chawo.

"Maso okha, achimwene. Foni m'thumba."

Anaima choncho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osacheuka n'kamodzi komwe, thukuta likuyenderera m'khosi. Sindinawasekenso za ngalande zija kuyambira tsiku limenelo.

Ndisanamize munthu, eni tsamba sitinawagonjetse. Wamankhwala uja anangosintha dzina la tsamba lake ndi mtundu wa botolo, ndipo ndimamva kuti chithunzicho chikuyendabe m'maboma ena kumene mfunda wathu sudziwika. Ndikachipeza ndimadandaulabe, yankho laulemu lija n'kubweranso, ine n'kudandaulanso. Atopa ndi iwo. Koma pa Nsipe botolo limenelo silingatsike minibasi osasekedwa, ndipo Lolemba lotsatira amayi anapita kuchipatala okha, n'kukhala pamzere mutu uli m'mwamba.

Chimene chimandibwerera kwambiri ndi cha masana a Loweruka la pamsika lija. Gulu linali litachepako, amayi akufotokozera mtsikana wina wa mwana kumsana, ndipo ndinaona kuti akuyankhula bwino kuposa kalata iliyonse imene ndinalemba. Nzeru inandibwerera: ndiwajambule kanema, ndikamuponye pansi pa uthenga wabodza uja, anthu akutali amve zoona kuchokera pakamwa pa eni ake. Ndinali kumbuyo kwa amuna anga, kumene sakanandiona. Ndinatulutsa foni mwakachetechete n'kuikweza.

Amayi anaona. Anasiya mawu pakati.

"Iwenso?"

"Amayi, n'kuti anthu akutali adziwe zoona. Bodza lili pa foni, ndiye choonadi chikalipeze komweko."

"Tsiku lija unandipempha?"

"Ayi."

"Nanga lero wandipempha?"

Amayi a kabichi anasiya kuitanira makasitomala n'kutchera khutu. Msana wa amuna anga sunagwedezeke, koma ndinadziwa kuti akumva. Ndinatsitsa foni, ndinagwada pafumbi pambali pa kampando kaja, pamaso pa anthu amene ana awo ndimawaphunzitsa.

"Ndikukupemphani, amayi. Mundilole ndikujambuleni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo, osafulumira. Aka kanali koyamba chiyambire nkhani yonseyi kuti munthu awafunse iwo, ndipo ndinaona kuti akulimva kukoma funsolo.

"Ndakana," anatero, mokweza kuti ndi a tsidya la msewu omwe amve. "Wofuna kuona mwendo wanga akwere minibasi."

Ndinaika foni m'chikwama. Iwo anatsitsa chitenje, natembenukira kwa mtsikana uja, n'kumuonjezera tomato mmodzi wa basera.